Mafunso ndi mayankho: ziphaso zofunika kwa akatswiri a za kumva ndi a za kalankhulidwe m'sukulu za ku United States

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa makolo amene ana awo akulandira chithandizo cha kumva kapena cha kalankhulidwe m'sukulu za boma ku United States, komanso kuchokera kwa anthu amene akufuna kugwira ntchitoyi kumeneko, ena mwa iwo ataphunzira kunja kwa dzikolo. Malamulo a zigawo za dzikolo (ma state, monga Texas kapena New York) amasinthasintha, choncho musanalipire ndalama iliyonse yolembetsera, werengani zimene ofesi ya chigawo chanu yatulutsa chaka chimenecho.

Kodi akatswiri awiriwa ndi ndani, ndipo amachita chiyani pasukulu?

Woyamba ndi katswiri wa za kalankhulidwe ndi chilankhulo, amene pamakalata a sukulu amalembedwa kuti speech-language pathologist kapena mwachidule SLP. Iye amayeza ndi kuthandiza ana achibwibwi, ana amene amalephera kutchula bwino mawu, ana amene amachedwa kumvetsa kapena kupanga ziganizo, ana amene ali ndi vuto la liwu, ndiponso ana amene satha kulankhula ndi pakamwa moti amadalira zithunzi kapena makina olankhulira.

Wachiwiri ndi katswiri wa za kumva, amene amatchedwa audiologist. Pasukulu iye amayeza mmene mwana akumvera, amasankha ndi kukonza zipangizo zothandiza kumva m'kalasi, monga maikolofoni amene mphunzitsi amavala kuti mawu ake azifika molunjika m'khutu la mwana, ndipo amalangiza aphunzitsi za phokoso la m'chipinda ndi malo oyenera kukhazika mwanayo. Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo a kalankhulidwe. Bungwe la Educational Audiology Association limalimbikitsa kuti pakhale mmodzi pa ana 10,000 alionse, ndipo nthawi zambiri mmodziyo amazungulira sukulu zambiri.

Kodi ndani amaika malamulo a ziphaso, boma lalikulu kapena chigawo?

Onse awiri, koma mbali zawo ndi zosiyana. Boma lalikulu la ku Washington linakhazikitsa lamulo la maphunziro a ana olumala mu 1975, limene mu 1990 linapatsidwa dzina loti Individuals with Disabilities Education Act, mwachidule IDEA, ndipo linakonzedwanso kwambiri mu 1997 ndi mu 2004. Lamuloli limakakamiza sukulu za boma kupereka mwaulere chithandizo cha kalankhulidwe ndi cha kumva kwa mwana wa zaka 3 mpaka 21 amene akufunika chithandizocho kuti apindule ndi maphunziro ake. Koma silitchula digiri kapena mayeso amene katswiri ayenera kukhala nawo. Limasiyira chigawo chilichonse, monga Texas, New York kapena Illinois, kuti chiike miyezo yake.

Pali mfundo ina yofunika kuidziwa pa mbiri ya lamuloli. Chisanafike chaka cha 2004, lamulo linkanena kuti miyezo ya ogwira ntchito m'sukulu izitsatira muyezo wapamwamba kwambiri umene chigawocho chimafuna pa ntchitoyo. Mawu amenewa anachotsedwa mu 2004, ndipo kuyambira pamenepo chigawo chili ndi ufulu wokulirapo woika muyezo wa kusukulu wosiyana ndi wa kuchipatala. Chimene chinatsala m'lamulo n'chakuti akatswiriwa asakhale anthu amene zofunika za chiphaso chawo zalumphidwa chifukwa cha vuto ladzidzidzi kapena mongoyembekezera.

Ndimamva za laisensi, za satifiketi ya kusukulu ndi za CCC. Kodi si chinthu chimodzi?

Ayi, ndi mapepala atatu ochokera ku maofesi atatu, ndipo chisokonezo chachikulu pa nkhani yonseyi chimayambira apa.

Laisensi imaperekedwa ndi bodi ya chigawo yoyang'anira ntchito za akatswiri, ndipo ndi imene imalola munthu kugwira ntchito m'chipatala, m'nyumba zosamalira okalamba kapena pa kiliniki yake. Satifiketi ya kusukulu imaperekedwa ndi nthambi ya zamaphunziro ya chigawocho, ofesi yomweyo imene imapereka ziphaso za aphunzitsi, ndipo mphamvu yake imathera pa mpanda wa sukulu. Pepala lachitatu, Certificate of Clinical Competence, mwachidule CCC, limaperekedwa ndi bungwe la akatswiri lotchedwa American Speech-Language-Hearing Association, mwachidule ASHA, limene linayamba mu 1925 ndipo likulu lake lili ku Rockville m'chigawo cha Maryland. Wa kalankhulidwe amalandira CCC-SLP, wa kumva amalandira CCC-A.

ASHA si boma. CCC ndi umboni wolemekezeka woti munthu wafika pa muyezo wa dziko lonse, koma payokha sipatsa aliyense chilolezo chogwira mwana wa munthu m'chigawo chilichonse. Zigawo zambiri zimailandira ngati umboni wokwanira wa maphunziro ndi mayeso pamene munthu akupempha laisensi, zimene zimafupikitsa ulendo, komabe kupempha laisensiyo sikungalumphidwe. Zigawo zina zimafuna laisensi yokha kuti munthu agwire ntchito pasukulu, zina zimafuna satifiketi ya kusukulu yokha, zina zimafuna zonse ziwiri, ndipo zina zimalandira chilichonse mwa ziwirizo.

Kodi katswiri wa kalankhulidwe ayenera kuphunzira mpaka pati?

Muyezo umene zigawo zambiri zimatsatira ndi wofanana ndi wa ASHA. Pamafunika digiri ya masters yochokera ku yunivesite imene maphunziro ake anavomerezedwa ndi Council on Academic Accreditation in Audiology and Speech-Language Pathology, ndipo kawirikawiri imatenga zaka ziwiri pambuyo pa digiri yoyamba. Mkati mwa maphunzirowo wophunzira ayenera kukwanitsa maola 400 a ntchito yoyang'aniridwa: maola 25 oonerera katswiri akugwira ntchito ndi maola 375 othandiza yekha odwala kapena ana, ndipo maola osachepera 325 mwa onsewa ayenera kuchitika pa nthawi ya digiri yachiwiriyo.

Kenako pali mayeso a Praxis, amene amakonzedwa ndi bungwe lokonza mayeso lotchedwa Educational Testing Service (ETS). Mayeso a kalankhulidwe ali ndi nambala 5331, ndipo ASHA imafuna mapointi 162 pa sikelo yoyambira 100 kufika 200. Zigawo zimene zimapereka satifiketi ya kusukulu nthawi zambiri zimafunanso kuti mbali ina ya maola aja inachitikira m'sukulu, choncho wophunzira amene akudziwa kuti adzafuna ntchito ya kusukulu asamalize digiri yake atangozungulira zipatala zokha.

Kodi Clinical Fellowship ndi chiyani, ndipo munthu angaichitire pasukulu?

Ndi nthawi yoyamba ya ntchito yolipidwa pambuyo pa digiri, pamene womaliza maphunziro amagwira ntchito pansi pa diso la katswiri wokhwima. ASHA imafuna masabata osachepera 36 ndi maola osachepera 1,260, ndipo magawo 80 pa 100 a nthawiyo ayenera kukhala a ntchito yokhudza mwachindunji anthu othandizidwa. Amene akugwira ntchito maola ochepa pa sabata amaloledwa kutalikitsa nthawiyo, koma ayenera kumaliza pasanathe miyezi 48. Nthawiyi imagawidwa patatu, ndipo m'gawo lililonse woyang'anira ayenera kuonerera ntchito kwa maola 6 ndi kuchita maola ena 6 a kuunika m'njira zina, monga kuwerenga malipoti.

Ambiri amaichitira pasukulu, ndipo n'zololedwa. Chofunika ndi kutenga kaye chiphaso chongoyembekezera cha chigawocho tsiku loyamba la ntchito lisanafike. Ku Texas chimatchedwa intern license, pamene ku California nthawiyi imatchedwa Required Professional Experience ndipo ili ndi laisensi yakeyake. Funsaninso msanga ngati woyang'anira wanu ali ndi CCC-SLP yamoyo, ngati wagwira ntchito miyezi 9 chilandirireni CCC, komanso ngati anachita maola 2 a maphunziro a kuyang'anira ena. Safunsa anadya phula: maola ogwiridwa pansi pa woyang'anira wosakwanira ASHA siwawerengera, ngakhale ntchitoyo itagwiridwa bwino chotani.

Nanga katswiri wa za kumva, njira yake ndi yomweyo?

Ayi. Kuyambira pa 1 Januwale 2012, ASHA imafuna digiri ya udokotala kwa aliyense wopempha CCC-A kwa nthawi yoyamba, ndipo zigawo zambiri zinatsatira pa malaisensi atsopano. Digiri yofala ndi Doctor of Audiology, mwachidule AuD, imene kawirikawiri imatenga zaka zinayi, m'mayunivesite ena zitatu, ndipo chaka chomaliza chimakhala cha ntchito ya tsiku lonse pa kiliniki kapena pachipatala. Chifukwa cha chaka chimenechi, wa za kumva sachita Clinical Fellowship. Mayeso ake a Praxis ali ndi nambala 5343. Akatswiri akale amene analandira ziphaso ali ndi digiri ya masters amapitiriza ntchito malinga ngati sanalole kuti ziphasozo zife.

Zigawo zonse 50 pamodzi ndi District of Columbia zimafuna laisensi kwa akatswiri a za kumva, ndipo zina zimawonjezera satifiketi ya kusukulu. Ku California, mwachitsanzo, kuli Clinical or Rehabilitative Services Credential ya mbali ya kumva. M'zigawo zina muli chilolezo china chapadera chogulitsira ndi kuveka anthu zipangizo zothandiza kumva. Palinso satifiketi ya American Board of Audiology imene ena amasankha m'malo mwa CCC-A kapena pamodzi nayo, ndipo nayonso, monga tafotokozera pa funso la mapepala atatu, si laisensi.

Makolo adziwe malire amodzi: malamulo a IDEA amafuna kuti sukulu izionetsetsa kuti zipangizo zimene mwana wavala zikugwira ntchito, koma kusintha mapulogalamu a kachipangizo koikidwa m'khutu mwa opaleshoni, kotchedwa cochlear implant, si udindo wa sukulu.

Kodi mungapereke zitsanzo za mmene zigawo zimasiyanirana?

Texas ndi chitsanzo cha njira yachidule. Kumeneko laisensi yochokera ku Texas Department of Licensing and Regulation ndi imene imafunika kwa wolowa ntchito watsopano, kaya pasukulu kaya pachipatala. Kuwonjezera pa Praxis, wopempha amalemba mayeso afupiafupi a malamulo a ntchitoyi m'chigawocho.

New York ili ku mbali inayo. Laisensi imachokera ku Office of the Professions, koma wofuna kulembedwa ntchito m'sukulu ya boma ayenera kukhala ndi satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa Teacher of Students with Speech and Language Disabilities, imene aliyense amaitchula kuti TSSLD, yochokera ku Office of Teaching Initiatives. Popeza ndi satifiketi ya uphunzitsi, imabwera ndi katundu wa aphunzitsi: maphunziro afupiafupi a kuzindikira mwana wozunzidwa, a kupewa chiwawa m'sukulu, a kuthana ndi kunyozana ndi tsankho pakati pa ana malinga ndi lamulo la Dignity for All Students Act, a ana amene ali ndi autism, komanso kutengedwa zidindo za zala kuti aone ngati munthuyo alibe milandu. Satifiketi yoyamba imakhala zaka zisanu, kenako munthu amapempha yachiwiri yokhazikika. Amene akufuna kuthandiza ana m'zilankhulo ziwiri amawonjezerapo chilolezo china.

Ku California kuli makomo awiri. Commission on Teacher Credentialing imapereka Speech-Language Pathology Services Credential, yoyamba ya zaka ziwiri ndipo yachiwiri ya zaka zisanu pambuyo pa Praxis ndi masabata 36 a ntchito yoyang'aniridwa. Koma lamulo la zamaphunziro la chigawocho limalolanso sukulu kulemba ntchito munthu amene ali ndi laisensi ya bodi ndi digiri ya masters. Ku Illinois sukulu zimafuna Professional Educator License yochokera ku Illinois State Board of Education, ndipo ya kalankhulidwe ili mitundu iwiri, yolola kuphunzitsa kalasi ndi yongolola kupereka chithandizo. Ku New Jersey satifiketi ya kusukulu imatchedwa Speech-Language Specialist.

Zigawo zimasiyananso pa chiwerengero cha ana amene katswiri mmodzi angapatsidwe. Illinois inaika malire a ana 60. California inaika avareji ya ana 55 m'dera lililonse la maphunziro apadera. Zigawo zina zilibe malire alionse. Chiwerengerochi sichilembedwa pa chiphaso, koma chimakhudza mwana kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa katswiri wophunzira bwino amene wasenza ana ochuluka mopitirira muyezo amakakamizika kuwaika m'magulu akuluakulu ndi kufupikitsa nthawi ya aliyense.

Ngati chigawo sichifuna CCC, n'chifukwa chiyani sukulu zambiri zimaifunsa?

Chifukwa chachikulu ndi ndalama za Medicaid, thumba la boma lolipirira chithandizo cha anthu opeza zochepa. Kuyambira mu 1988 sukulu zimaloledwa kupempha kuti Medicaid izibweza ndalama za chithandizo cholembedwa mu dongosolo la maphunziro a mwana, lotchedwa IEP. Malamulo a Medicaid a boma lalikulu amafuna kuti chithandizo cha kalankhulidwe chiperekedwe ndi munthu amene ali ndi CCC, kapena amene ali ndi maphunziro ndi ntchito yofanana nayo, kapena chiperekedwe motsogozedwa ndi munthu wotero. Satifiketi ya kusukulu yokha nthawi zina sifika pa muyezo umenewu, choncho sukulu imataya ndalama ikalemba ntchito munthu amene alibe CCC kapena laisensi. Chifukwa chachiwiri chatchulidwa kale pa funso la Clinical Fellowship: wopanda CCC sangayang'anire wophunzira ntchito amene akufuna kudzalandira CCC. M'madera ena wokhala ndi CCC amawonjezeredwanso malipiro.

Kodi munthu wa digiri yoyamba yokha angathandize ana pasukulu?

M'zigawo zambiri angathe ngati wothandizira katswiri, amene amatchedwa speech-language pathology assistant. IDEA imalola othandizira ophunzitsidwa bwino ndi oyang'aniridwa. Wothandizira amachititsa mwana zoyeserera zimene katswiri wakonza ndi kulemba mmene mwanayo akuchitira, koma sayenera kupeza vuto la mwana, kumasulira zotsatira za mayeso kapena kusintha dongosolo la chithandizo. Texas imapereka laisensi kwa othandizira a digiri yoyamba, California imawalembetsa ku bodi yake, ndipo kuyambira mu 2020 ASHA ili ndi satifiketi zawo, C-SLPA ya kalankhulidwe ndi C-AA ya kumva.

Nkhani yovuta ndi ya zigawo zochepa zimene, chifukwa cha kusowa kwa akatswiri makamaka kumidzi, zakhala zikulola anthu a digiri yoyamba kugwira pasukulu ntchito imene kuchipatala cha chigawo chomwecho imafuna digiri ya masters. Kusowako ndi kwenikweni, ndipo palibe amene akufuna kuti mwana akhale chaka chonse osaonedwa. Komabe mwana amene makolo ake ali ndi ndalama amakapeza katswiri wokwanira ku kiliniki yolipira, pamene mwana wa kholo losauka alibe kwina kopita kupatula kusukulu. Pa chifukwa chimenechi njira ya zigawo zimene zimafuna muyezo umodzi kusukulu ndi kuchipatala ndi yachilungamo kuposa ya miyezo iwiri.

Ndikasamukira kuchigawo china, kodi ziphaso zanga zinditsatira?

CCC imakutsatirani kulikonse. Laisensi ndi satifiketi ya kusukulu sizitero, ndipo muyenera kupempha zatsopano. Zigawo zoposa 30 zinavomereza pangano lotchedwa Audiology and Speech-Language Pathology Interstate Compact, limene cholinga chake ndi kulola wokhala ndi laisensi ya chigawo chake kupeza chilolezo chogwira ntchito m'zigawo zina za m'panganolo popanda kuyambiranso. Panganoli limakhudza laisensi ya bodi. Ngati chigawo chimene mukupitako chimafunanso satifiketi ya kusukulu, muyenera kufunsa nthambi yake ya zamaphunziro padera.

Chimodzimodzinso ndi chithandizo cha pa intaneti, chimene sukulu zambiri zakumidzi zimadalira. Lamulo lofala n'lakuti katswiri akhale ndi chilolezo cha chigawo chimene mwanayo wakhala pa nthawi ya chithandizo, ndipo kawirikawiri cha kumene iye mwini wakhalanso.

Ndinaphunzira kunja kwa United States. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kupimitsa digiri yanu. ASHA ndi mabodi ambiri amafuna lipoti losanthula phunziro lililonse lochokera ku bungwe lopima madigiri akunja, makamaka mamembala a NACES, mgwirizano wa mabungwe oterewa, monga World Education Services. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Ku South Africa munthu amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa ali ndi digiri yoyamba ya zaka zinayi, ndipo ku Malawi maphunziro a za kumva amene amaperekedwa ku African Bible College ku Lilongwe nawonso ndi a digiri yoyamba. Madigiri amenewa ndi okwanira kwawo, koma ku United States wa kalankhulidwe amafunika digiri yachiwiri ndipo wa kumva amafunika ya udokotala, choncho ambiri amayenera kubwerera m'kalasi.

Pali pangano lotchedwa Mutual Recognition Agreement pakati pa ASHA ndi mabungwe a akatswiri a kalankhulidwe a ku Canada, United Kingdom, Australia, Ireland ndi New Zealand, limene limafupikitsa njira yopezera CCC-SLP. Amene anaphunzira ku Britain ndipo ndi membala wovomerezeka wa Royal College of Speech and Language Therapists angapindule nalo. Palibe dziko la mu Africa limene lili m'panganoli, ndipo ngakhale wodutsira mmenemo ayenera kupemphabe laisensi kapena satifiketi ya chigawo.

Pomaliza pali nkhani yolowera m'dzikolo. Lamulo la 1996 limafuna kuti akatswiri a zaumoyo ochokera kunja, kuphatikizapo magulu awiriwa, akhale ndi satifiketi yotsimikizira maphunziro awo ndi Chingerezi chawo asanapatsidwe viza ya ntchito. Yodziwika kwambiri ndi VisaScreen, imene inayambitsidwa ndi bungwe la CGFNS.

Kodi ziphasozi zimatha mphamvu?

Inde, ndipo chilichonse chili ndi kalendala yake. ASHA imafuna maola 30 a maphunziro owonjezera pa zaka zitatu zilizonse, limodzi mwa maolawo likhale la chikhalidwe choyenera pa ntchito, kuphatikizapo ndalama za chaka ndi chaka. Texas imafuna maola 20 pa zaka ziwiri, awiri mwa iwo a chikhalidwe cha pa ntchito. Satifiketi za kusukulu zambiri zimayendera zaka zisanu. Kosi imodzi ikhoza kuwerengedwa ku maofesi onse atatu ngati ofesi iliyonse imaivomereza, choncho sungani umboni wa kosi iliyonse.

Ndine kholo. Ndingadziwe bwanji kuti amene akuthandiza mwana wanga ndi woyenera?

Funsani dzina lake lonse ndi udindo wake, makamaka ngati ndi katswiri, wophunzira ntchito kapena wothandizira, ndipo ngati ndi mmodzi mwa awiri omalizawa funsaninso amene akumuyang'anira. Mabodi a zigawo ali ndi malo a pa intaneti pamene aliyense angaone ngati laisensi ili yamoyo, nthambi zambiri za zamaphunziro zili ndi malo oterowo a masatifiketi, ndipo ASHA nayo imatsimikizira CCC. Kufunsa zimenezi si mwano, ndi ufulu wanu, ndipo malo abwino ofunsira ndi pa msonkhano wa IEP, pamene lamulo limafunanso kuti sukulu ikupezereni womasulira ngati simumva bwino Chingerezi.

Mwana wanga amalankhula Chichewa kunyumba. Kodi chiphaso chikutsimikizira kuti katswiri adzamuyeza moyenera?

Chiphaso chimatsimikizira kuti katswiriyo anaphunzitsidwa kusiyanitsa vuto lenileni la kalankhulidwe ndi zizindikiro za mwana amene akuphunzira chilankhulo chachiwiri, koma sichitsimikizira kuti amadziwa Chichewa, ndipo ambiri sanachimvepo. IDEA imafuna kuti mwana ayezedwe m'chilankhulo chake kapena m'njira imene ingasonyeze bwino zimene amadziwa, pokhapokha ngati n'zosathekeratu, ndipo imaletsa kuika mwana m'gulu la olumala chifukwa chongoti Chingerezi chake chidakali chochepa.

Apa kholo lili ndi chidziwitso chimene katswiri alibe. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa matanthauzo a mawu, ndipo mawu athu amathera pa vawelo, choncho mwana amene amasinthanitsa zilembo ziwirizi kapena kuwonjezera vawelo kumapeto kwa mawu a Chingerezi akhoza kukhala akungotsatira chilankhulo cha kwawo. Uzani katswiriyo zimenezi, mufotokozereni ngati mwanayo amavutikanso polankhula Chichewa poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake, ndipo pemphani kuti pa kuyezako pakhale womasulira wodziwa Chichewa. Ngati simukugwirizana ndi zotsatira, muli ndi ufulu wopempha kuti mwanayo ayezedwenso ndi katswiri wina wosalembedwa ndi sukuluyo, ndipo sukulu iyenera kulipira kuyezako kapena kukatsimikizira pa bwalo lomvera madandaulo kuti kuyeza kwake kunali koyenera.